Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chaka chomwe chidendene chinandichotsa mu bola

Gawo lathali ndinasiyira pomwe ndinapeza ntchito mu shopu ku Kamwala. Lero ndikambeko za mwendo, poti ambiri a ku Mtendere munkangondiona ndikutsimphina chaka chathunthu osadziwa kuti chavuta nchani.

Zinayamba pang'onopang'ono. Ndikadzuka m'mawa kuponda pansi zinali ngati munthu wandimanga waya kumbuyo kwa phazi, pamwamba pang'ono pa chidendene, ndikayendayenda nkumasuka, ndiye ndinkati aaa kutopa chabe uku. Tsiku lonse chiimire kunyamula makatoni, Sande bola ya madala, mpaka pamtsempha paja panatupa kachotupa kolimba, ukakagwira kuwawa kufika mumtima.

Amayi ku Katete atamva anati bwera kuno mwana wanga tidzakuteme mphini. Akazi anga ankandithowa ndi madzi otentha usiku ulionse, dzanja lawo lija sindidzaliiwala, koma m'mawa ululu uli pompo. Bola ndinasiya miyezi inayi kuganiza kuti kupuma ndiye mankhwala, tsiku lomwe ndinathamangira minibasi pa Kulima Tower ndinabwerera pomwe ndinayambira.

Amene anandithandiza ndi mayi wina wa physio, aja ochiza minofu ndi mitsempha ndi masewera olimbitsa thupi, wa kwathu kummawa konko. Ndinalowa ndikupempha jakisoni. Iwo anakana, amvekere "achimwene, jakisoni wa cortisone pamtsempha uwu amaziziritsa masiku ochepa koma amaufooketsa, ukhoza kuduka." Anandifunsanso ngati ndinamwako cipro posachedwa, ati mankhwala a mtundu umenewo nawonso amatha kuvulaza mtsemphawu, ine sindinamwe koma inu amene mumangogula ma antibiotic osaonana ndi dokotala imvani zimenezi. Kenaka anafotokoza kuti dzina la mtsemphawu ndi Achilles, ndi umene umalumikiza katumba ndi fupa la chidendene, ndipo pamene panatupapo magazi amafikapo ochepa nchifukwa chake pamachedwa kupola. Ukaugoneka umangofookerafookera, umafuna ntchito koma yoyeza bwino.

Ntchito yake ndi iyi. Umaima pa sitepe ndi zala zokha chidendene chili panja, nkukwera m'mwamba ndi mwendo wabwinowo, kenaka kutsika pang'onopang'ono ndi wodwala wokhawo mpaka chidendene chipitirire sitepe. Ka 15, katatu, bondo lili chiwongokere. Ka 15 katatunso bondo lopinda pang'ono kuti igwire nyama ya mkati. M'mawa ndi madzulo, pamodzi 180 pa tsiku, masabata 12 osadumpha. Njirayi ati inachokera kwa dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, amene mu 1998 anayesa pa anthu 15 othamanga ndipo onse anabwerera kothamanga. Anandichenjezanso kuti amene ululu wawo uli pafupa penipeni pomwe mtsempha wamera asamatsike kupitirira sitepe, azichitira pansi pafulati, nchifukwa chake ndimati kayezetseni kaye musanatengere za ine.

Chomwe chinandivuta si 180 ayi, ndi kukhulupirira. Zinkawawa! Ndinabwerera sabata yachiwiri nditakwiya kuti mayi mukundipha, iwo anangoti tiyeze, ululu kuyambira 0 mpaka 10 uli pati, ndinati 4. Anati mpaka 5 pitirizani, bola m'mawa mwake usakhale woposa dzulo, koma ukabaya ngati mpeni siyani mubwere.

Ndiye ndinkadzuka 5 koloko, kuzizira kwa mu June kuja, ndili pakhonde nditagwira chitseko, sitepe yake buloko la simenti. Ma neba opita kotunga madzi kumangondiyang'ana, wina mpaka anafunsa akazi anga ngati bambo ali bwinobwino. Masabata asanu oyamba palibe chinasintha, ndipo apa mpomwe anthu ambiri amasiyira, inenso usiku wina ndinanena kuti basi zandikwana. Amene anandiletsa ndi mwana wanga wamkazi, anali giredi 5 nthawi imeneyo, anatenga kalendala ya kutchalitchi nkuyamba kuchonga tsiku lililonse, m'mawa kumabwera kudzandiwerengera mokweza. Mwana akuwerenga, ungasiye bwanji.

Zitayamba kupepuka physio anati onjezerani katundu. Ndinatenga chikwama chakusukulu nkuikamo chigubu cha malita 5, kenaka ziwiri. Chapakati pa sabata yachisanu ndi chitatu ndinadzuka tsiku lina nkupita kubafa, ndili mkati mosamba mpomwe ndinazindikira kuti ndayenda osagwira khoma. Ndinaitana akazi anga ndili ndi sopo kumaso.

Bola sindinathamangire, ndinayamba ndi kuyenda ndawala, kenaka kuthamanga pang'ono, ndipo Sande yoyamba anandipatsa mphindi 20 zokha. Kachotupa kaja mpaka lero kakadalipo pang'ono ndipo buloko lija sindinalichotse pakhonde, ndimakwerapobe kawiri pa sabata. Gawo likubwerali ndidzakuuzani za ulendo wa ku Katete, pomwe amayi anandiuza kuti ndiyende uku ndi uku pabwalo aone okha.