Nkhululu, mphemvu kapena mphutsi: tarantula woweta adye chiyani?

Musanasankhe mtundu wa kachilombo, yang'anani kukula kwake. Chakudya cha tarantula, kangaude wamkulu waubweya, chisaposere kutalika kwa mimba yake, thumba lofewa la kumbuyo lija. Chikakhala chachikulu, kangaude wamanyazi amachithawa n'kukabisala, ndipo chimene chimayenera kudyedwacho n'chimene chimayamba kumuvutitsa.

Anthu ambiri amayamba ndi nkhululu zazing'ono zoweta, Acheta domesticus, chifukwa sizivuta kupeza ndipo zimayendayenda. Kuyendako n'kofunika. Tarantula saona bwino, amadziwa kuti pali nyama pomva kugwedezeka kwa dothi ndi ulusi wake. Vuto la nkhululu ndi lakuti zimaluma. Kangaude akagona chagada kuti afundule, thupi lake limakhala lofewa moti sangadziteteze, ndipo nkhululu imodzi yokha yotsalira m'bokosi ikhoza kumudya wamoyo. Choncho chilichonse chimene sichinadyedwe pakatha maola 24, chitulutseni. Nkhululu zimafanso msanga m'chidebe chosungiramo ndipo zimanunkha.

Mphemvu za dubia, Blaptica dubia, zochokera ku South America, n'zimene ndimalimbikitsa kwa woweta akangaude angapo. Sizikwera pulasitiki yosalala, sizilira, ndipo imodzi yaikulu imakhala ndi nyama yochuluka kuposa nkhululu zingapo. Zimabereka ana amoyo, ndipo zimaswana bwino pamalo potentha madigiri 27 mpaka 32, m'chidebe chokhala ndi matireyi a mazira oimika. Koma zili ndi khalidwe lotopetsa. Mukangoiponya m'bokosi, dubia imauma ngati yafa kapena imalowa m'dothi n'kukhala momwemo milungu. Finyani mutu wake ndi chopanira musanaiponye, kenako muigoneke chagada pafupi ndi khomo la una. Miyendo imapitiriza kuphiriphitha, kangaude n'kuimva. Mphemvu zofiira za Turkestan sizikumba ndipo zimathamanga kwambiri, motero zimadzutsa mudyo ngakhale kwa kangaude wosankha zakudya, kungoti zikapulumuka kumalo kotentha zimatha kukhazikika m'nyumba. Malamulo nawo muwafufuze: dubia ndi yoletsedwa ku Florida, m'dziko la United States.

Mphutsi za mealworm zimasungika milungu yambiri mufiriji, koma zili ndi mafuta ambiri, ndiye zisakhale chakudya chokhacho. Nazonso zimakumba, n'kusanduka tizikumbu timene timadzatulukira nthawi yolakwika. Ziphwanyeni mutu kaye. Superworm, mphutsi yaikulu yofanana ndi mealworm, ili ndi nsagwada zolimba, musaiponye yamoyo kwa kangaude wamng'ono.

Tiana ta tarantula tosakwana sentimita imodzi timadya tintchentche ta zipatso tosauluka, Drosophila, koma chosavuta ndi kutipatsa mwendo wa nkhululu kapena kachidutswa ka mealworm madzulo. Timatola zakufa popanda vuto. M'mawa chotsani chotsala chisanachite chuku. Tiana tidye kawiri pa mlungu. Wamkulu akadya nkhululu ziwiri kapena zitatu, kapena dubia imodzi, pa mlungu umodzi kapena iwiri, wakhuta. Mimba ikakula kwambiri kuposa chifuwa, chepetsani, chifukwa mimba yotupa imatha kuphulika kangaude akagwa, ngakhale kuchokera pafupi.

Tizilombo togwira kutchire n'tokopa, makamaka kwathu kumene ziwala ndi ngumbi zimachuluka m'dzinja, komanso kumene akangaude a banja lomweli, monga Pterinochilus ndi Ceratogyrus, amakhala m'mauna n'kumadya zimenezo. Komabe musatero. Chiwala cha m'munda mwa chimanga chingakhale chitadya masamba opoperedwa mankhwala a ntchemberezandonda, ndipo mphemvu ya m'nyumba ingakhale itayenda pakhoma lopoperedwa mankhwala a udzudzu. Mankhwala amenewa amaononga mitsempha ya kangaude: amayamba kunjenjemera, kuponya miyendo mosalongosoka, ndipo kawirikawiri sachira. Nunkhadala ndiye musayese n'komwe, amasunga poizoni wa zomera zimene amadya.

Tizilombo toweta tidyetseni bwino maola 24 mpaka 48 tisanaperekedwe: karoti, dzungu, masamba otsuka bwino, ndi gaga pang'ono. Ufa wa calcium umene amawaza pa chakudya cha abuluzi, tarantula saufuna.

Kangaude akakana chakudya, musafulumire kusintha kachilombo. Ngati mimba yada ndi kunyezimira, kapena watseka una ndi ulusi, akukonzekera kufundula. Tarantula wa ku Chile wotchedwa Grammostola rosea amatha miyezi osadya ali bwinobwino, bola mbale ya madzi ikhale yodzaza. Akafundula, mano ake amakhala oyera ndi ofewa, kenako amafiira, kenako amada. Dikirani ade: pafupifupi mlungu umodzi kwa kamwana, milungu iwiri kapena kuposerapo kwa wamkulu. Akaluma nyama mano asanalimbe amatha kuthyoka, ndipo sameranso mpaka atafundula kachiwiri.