Kukamvera nyimbo ku Stone Town: dziwani wotchi, mwezi ndi pokhala

Boti laliwiro lochokera ku Dar es Salaam limaoloka nyanja kwa maola pafupifupi awiri, n'kukocheza padoko la Malindi, m'mphepete mwa Stone Town, tawuni yakale ya pachilumba cha Unguja ku Zanzibar. Mukatuluka pageti n'kutsata msewu wa Mizingani, nyanja ili kudzanja lamanja, pakangotha mphindi khumi mwafika pa Forodhani. Kuseri kwa bwalo limeneli kuli linga lamiyala lotchedwa Ngome Kongwe, lomwe Aluya a ku Oman anamanga cha m'ma 1700 atapirikitsa Apwitikizi. Alendo ambiri amathera pomwepa. Amajambula zithunzi, amadya nyama yootcha, amamva DJ akuliza Bongo Flava, nyimbo zamakono za ku Tanzania, m'malo omwera, kenako amabwerera kwawo n'kukauza anzawo kuti anamva nyimbo za ku Zanzibar. Zoona zake n'zakuti anangomva zomwe akanamvanso ku Dar es Salaam kapena pa wailesi ali ku Karonga.

Nyimbo zenizeni za tawuniyi zilipo chaka chonse, koma sizikuwa. Zimafuna munthu wodziwa nthawi.

Tiyambe ndi wotchi, chifukwa ndi imene imagwetsa anthu tsiku loyamba. Dziko la Tanzania lili patsogolo pa Malawi ndi Zambia ndi ola limodzi, ndiye mukangooloka mlatho wa Songwe sinthani foni. Limenelo ndi vuto laling'ono. Lalikulu ndi lakuti m'Chiswahili tsiku amayamba kuliwerenga dzuwa likatuluka. Zomwe ife timati 7 koloko m'mawa iwo amati "saa moja", ola loyamba. Munthu akakuuzani kuti oyimba ayamba "saa mbili usiku", sakunena 2 koloko ya usiku, akunena 8 koloko madzulo. Lamulo lake n'losavuta: pa ola lomwe mwamva wonjezerani kapena chotsani 6. Wokuuzaniyo akamalankhula Chingelezi m'pamene pamavuta kwambiri, pakuti ena amangotembenuza mawu osatembenuza wotchi. Mufunseni aloze pafoni panu.

Tsono taarab, mtundu wa nyimbo umene Zanzibar imadziwika nawo. Mawuwa ndi ochokera ku Chiarabu ndipo amanena za kutengeka mtima kumene nyimbo imabweretsa. Mbiri yomwe eni ake amasimba ndi yakuti Sultan Barghash, amene analamulira kuyambira 1870 mpaka 1888, ndiye anabweretsa kayimbidwe aka kunyumba yachifumu kuchokera ku Egypt. Gulu la Nadi Ikhwan Safaa linakhazikitsidwa mu 1905 ndipo likadalipo m'dera la Malindi. Koma amene anatulutsa taarab m'mipanda ya olemera ndi mayi wina wakumudzi, Siti binti Saad, yemwe ankayimba m'Chiswahili nkhani zokhudza anthu wamba. Mu 1928 anapita ku Bombay kukajambula nyimbo zake pa mbale za galamafoni, zinthu zomwe panthawiyo mayi wa kuno kum'mawa kwa Africa anali asanachitepo. Gulu lina lalikulu, Culture Musical Club, linayamba mu 1958 ndipo nyumba yake ili ku Vuga.

Wochokera kwathu akafika pa taarab koyamba amasokonezeka ndi zinthu ziwiri. Choyamba, anthu amakhala pansi. Oyimba ali pamipando, avala masuti kapena mikanjo, amayi atchena ngati akupita ku ukwati, ndipo nyimbo imodzi ikhoza kupitirira mphindi khumi popanda wodumpha. Chachiwiri ndi khutu. Ife tinazolowera gitala, kiyibodi ndi makwaya a kutchalitchi, kumene mawu amakwera motsata makwerero odziwika. Taarab imatsata mayendedwe a Chiarabu otchedwa maqam, omwe ali ndi mawu ena ogwera pakatikati pa mabatani awiri oyandikana a kiyibodi. Mphindi zoyambirira mumaganiza kuti zeze wina sanamangidwe bwino. Wamangidwa bwinobwino, khutu lanu ndi limene likufunika nyimbo ziwiri kapena zitatu kuti likhazikike.

Pokhala sankhani pafupi ndi qanun. Chida chimenechi ndi bokosi lathyathyathya lomwe woyimba amaligoneka pamiyendo kapena pakatebulo, lili ndi zingwe zoposa 70 zomangidwa zitatuzitatu, ndipo amazikhwatcha ndi tizikhadabo tomangirira ku zala zamkombaphala. M'mbali mwake muli tizitsulo ting'onoting'ono timene amatembenuza ndi dzanja lamanzere nyimbo ili m'kati kuti asinthe mawu. Mukakhala kumbuyo zonsezi simuziona, ndipo mawu ake amamizidwa ndi mavayolini. Pambali pake pamakhala udi, wooneka ngati gitala wamimba yobulungira ndi khosi lalifupi lopanda timizere, komanso akodiyoni, chitoliro cha bango, kang'oma ka dumbak ndi rika, kang'oma kam'manja kokhala ndi tizitsulo tolira. Chinyontho cha kunyanja ndi kutentha zimamasula zingwe, choncho oyimba akatha nthawi yaitali akukonza zida asanayambe, musaone ngati akuchedwetsa dala. Kumanga zingwe 70 si ntchito ya mphindi ziwiri.

Chokoma chenicheni cha taarab chili m'mawu, ndipo apa munthu wakwathu ali ndi mwayi kuposa mzungu. Aliyense amene anakulira pafupi ndi mtondo akudziwa mmene mayi amayimbira nyimbo yosinjira yonena za nkhuku yakuba chimanga, pamene mudzi wonse ukudziwa kuti nkhukuyo imavala chitenje. Aswahili zimenezi amazitcha mafumbo, kulankhula mophiphiritsa. Woyimba amanena za duwa, embe kapena ngalawa, koma nkhani ndi ya chikondi, nsanje ndi mkazi mnzake. Ndime ikamukhudza munthu, amadzuka, amayenda monyadira akugwedeza ndalama m'mwamba, n'kukaipereka kwa woyimba. Kumeneko amati kutunza, kwathu kuno timati kufupa. Nthawi zina wodzukayo amadutsa dala pafupi ndi amene akumunena, ndalama ili m'mwamba, kuti uthenga ufike. Inu mlendo fupani ndithu, koma konzekerani ndalama zing'onozing'ono za 1,000 kapena 2,000 shilingi. Yaikulu kwambiri kumeneko ndi ya 10,000, ndipo pamaso pa anthu simungapemphe chenji.

Kodi zimenezi mukazipeza kuti? Poyambira pabwino ndi sukulu ya nyimbo ya Dhow Countries Music Academy, yomwe inatsegulidwa mu 2002 kuti achinyamata aphunzire qanun, udi, vayolini ndi ng'oma zamakolo. Aphunzitsi ndi ophunzira ake amakhala ndi zoyimba za madzulo zolipiritsa pakhomo, ndipo ndi iwo omwe amadziwa gulu limene likuyimba kuti sabata imeneyo, chifukwa ambiri a iwo amayimbanso m'magulu ena. Pitani masana mukafunse. Kachiwiri, magulu akale aja amakumana madzulo m'nyumba zawo kukonzekera nyimbo, ndipo mlendo waulemu amaloledwa kukhala pambali n'kusiya kangachepe potuluka. Kwa ife kumeneku ndiye kumvera kwabwino koposa, chifukwa mumaona wamkulu akuimitsa gulu lonse kuti abwereze mzere umodzi kanayi. Kachitatu, mahotela ena a m'kati mwa tawuni amakonza chakudya chamadzulo padenga, oyimba atatu kapena anayi ali pambali. N'zokongola, dzuwa likulowa m'nyanja, koma n'zodula, malo muyenera kusungitsa m'mawa, ndipo taarab yake ndi yofupikitsidwa kuti igwirizane ndi mbale za chakudya. Oyimba amaima kaye kuitana kwa mapemphero kukamveka m'mizikiti. Musawombe m'manja kuti apitirize.

Amene thupi likumuyabwa kufuna kuvina afunse za kidumbak. Ameneyu ndi mng'ono wake wa taarab, wobadwira ku Ng'ambo, tsidya lina la msewu wa Creek Road kumene kumakhala anthu wamba. Zida zake n'zochepa: ting'oma tiwiri, vayolini mmodzi, maseche a zigoba za kokonati otchedwa cherewa, timitengo togogoda, ndi sanduku. Sanduku mukangomuona museka, chifukwa ndi m'bale wake wa babatoni: bokosi lamatabwa, ndodo ndi chingwe chimodzi, woyimba n'kumakoka ndodoyo kuti mawu akwere kapena atsike. Kidumbak amalira kwambiri pa maukwati, panja, amayi atamanga kanga m'chiuno, mpaka usiku kwambiri. Alibe chikwangwani. Mumamva kwa mnyamata wa pamalo ogona kapena kwa woyimba wa kusukulu ija, ndipo ndi bwino kupita ndi munthu wodziwika kumeneko kusiyana n'kungotulukira pa ukwati wa eni ndi foni m'manja.

Palinso ng'oma za unyago, zomwe mayi woyimba wa ku Zanzibar, Bi Kidude, anazitchukitsa kunja asanamwalire mu 2013. Wochokera ku Mangochi kapena Machinga dzinali salifunsa tanthauzo, ndi liwu lomwelo limene Ayao amatchulira chinamwali. Si zangozi. Anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja yathu anadutsa pa Nkhotakota ndi Kilwa atamangidwa magoli, n'kudzagulitsidwa pamsika wa ku Mkunazini womwe unatsekedwa mu 1873. Pamalopo lero pali tchalitchi cha Anglican chomangidwa ndi mishoni ya UMCA, yomweyo imene inamanga cha ku Likoma. Kapiteniko m'mawa wina musanakamvere ng'omazo.

Chikondwerero chachikulu cha nyimbo ndi Sauti za Busara, chomwe chinayamba mu 2004 ndipo chakhala chikuchitika mwezi wa February kwa masiku atatu kapena anayi, zaka zambiri m'kati mwa Ngome Kongwe. Lamulo lake lomwe timalikonda ndi lakuti aliyense amayimba ndi zida pamaso pa anthu, palibe zoliza nyimbo pakompyuta woyimba n'kumangotsegula pakamwa. Magulu amachokera mbali zonse za Africa, ndipo a Madalitso Band a ku Lilongwe anayimbako mu 2017 ndi babatoni wawo, ulendo umene unawatsegulira njira ya ku Ulaya. Zoyimba zimayamba chakumadzulo dzuwa litapepa n'kutha pakati pa usiku patadutsa. Matikiti ali m'magulu: nzika za Tanzania zimalipira zochepa kwambiri, alendo ochokera kutali amalipira zambiri, ndipo pamakhala mtengo wapakati wa anthu a mu Africa. Nyamulani pasipoti pokatenga chibangili cholowera, chifukwa mtengo wotsikawo amafuna umboni. Tikiti ya masiku onse imatsika mtengo kusiyana n'kugula tsiku ndi tsiku.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kugula tikiti ya basi kapena ndege potengera masiku a chaka chatha. Zanzibar ndi dera la Asilamu ambiri, ndipo mwezi wa Ramadan umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Mu 2026 kuyamba kwake ndi cha pa 18 February, mu 2027 cha pa 8 February, mu 2028 kumapeto kwa January. Ndiye kuti m'zaka zimenezi Ramadan ikugwera pa nyengo yeniyeni ya zikondwerero, ndipo okonza amayenera kusuntha masiku. Dikirani alengeze masiku ndi malo, kenako musungitse chipinda sabata yomweyo, chifukwa malo ogona otsika mtengo m'kati mwa tawuni amadzaza miyezi isanakwane. M'mwezi wa kusala womwewo taarab ndi kidumbak zimakhala zii, malo ambiri odyera amatseka masana, ndipo kudya kapena kusuta pamsewu n'kupanda ulemu. Koma masiku ozungulira mweziwu ndi onona. Kutatsala pang'ono kuti kusala kuyambe kumakhala maphwando otchedwa vunja jungu, kuswa mphika, ndipo kukatha kumabwera chisangalalo cha Eid chomwe pabwalo la Mnazi Mmoja chimatenga masiku anayi. Pakati pa chaka, cha mu June kapena July, kumakhalanso chikondwerero cha mafilimu cha ZIFF, chomwe usiku chimakhala ndi oyimba. March mpaka May ndi nyengo ya mvula yamphamvu, zoyimba za panja zimachepa.

Za njira tisataye nthawi. Pamsewu mumadzera ku Karonga, kuoloka pa Songwe kulowa Kasumulu, kenako Mbeya, Iringa, Morogoro mpaka Dar es Salaam. Kuchokera ku Lilongwe werengerani tsiku lathunthu ndi usiku wake, mwinanso kupitirira. Mabasi akutali amatsitsa ku Magufuli Terminal ku Mbezi, kutali ndi doko, ndipo misewu ya mumzindawu imadzaza, choncho musapangane ndi boti la tsiku lomwelo ngati mukufika masana. Maboti okwera anthu aliwiro amayenda kukuwala, lomaliza limanyamuka chakumadzulo. Tikiti gulani pawindo la kampani yeniyeni, pasipoti ili m'manja. Anyamata okuthamangirani panja, omwe ku Zanzibar amawatcha papasi, kutanthauza nkhupakupa, amakulowetsani mu ofesi ina n'kuwonjezera zawo. Amalawi safuna viza polowa m'Tanzania, koma padoko la Zanzibar pasipoti amaionanso, ndipo kuyambira pa 1 October 2024 boma la kumeneko linalamula kuti alendo akunja azigula inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, yomwe mtengo wake unalengezedwa pa madola 44. Imagulidwa pa intaneti, chitani zimenezi musanakwere boti. Kwacha musinthiretu pamalire, pachilumba palibe amene angailandire, ndipo madola akale kapena ong'ambika amakanidwa. Mapulagi a magetsi ndi ofanana ndi akwathu, a mano atatu.

Pobwerera kogona usiku, kumbukirani kuti m'tinjira ta Stone Town galimoto sililowa. Taxi imakusiyani kumsewu waukulu, kotsalako n'kwa miyendo, ndipo mapu a pafoni amasochera pakati pa makoma ataliatali aja. Yendani njira yanu masana kawiri, muloweze khomo kapena mzikiti wokhotera, chifukwa masitolo omwe munawaona ngati zizindikiro amakhala atatseka zitseko zake zamatabwa ndipo zonse zimaoneka zofanana. Mukasokonezeka funsani kuti Forodhani ili kuti, mutulukire kunyanja, muyambirenso pamenepo.