Loweruka lokonzekera phwando la Thanksgiving

Lero m'mawa ndinapita ku laibulale ya m'dera lathu kuno ku Indiana, m'dziko la America, chifukwa chaka chino alendo a Thanksgiving adzadyera kwathu ndipo sindikufuna kuwaphikira chakudya chomwe sindikudziwa chiyambi chake. Phwandoli limachitika pa Lachinayi lachinayi m'mwezi wa Novembala, monga nyumba ya malamulo ya dziko lino inakhazikitsira mu 1941, ngakhale kuti pulezidenti Abraham Lincoln anali atalengeza kale mu 1863 kuti dziko lonse likhale ndi tsiku loyamika.

Mayi wina wogwira ntchito pamenepo anandilozera zolemba za Plimoth Patuxet Museums ya ku Massachusetts, ndipo ndinakhalitsa pa zimenezi. Kalata ya Edward Winslow, mmodzi mwa Angerezi oyamba kukhazikika kumeneko, ikunena kuti pa phwando la zokolola la mu 1621 ku Plymouth, mfumu Massasoit ya mtundu wa Wampanoag, eni nthaka a kumeneko, inabwera ndi amuna pafupifupi 90, anthu anadyerera masiku atatu, ndipo alendowo anapha agwape asanu. Mbatatesi zopota zomwe masiku ano sizisowa patebulo panalibe. Chinandikhudza kwambiri n'chakuti eni nthakawo ndi amene anaphunzitsa Angerezi kulima chimanga, ndipo eni nthakawa ankadzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, ndendende momwe agogo amachitira kumudzi. Kuyambira mu 1970, ena mwa eni nthaka amasonkhana ku Plymouth pa tsiku lomweli kulira maliro a makolo awo ndi malo amene analandidwa. Ndatsimikiza mtima kuti ana anga amve mbali zonse ziwirizi tisanadye, pakuti kuwabisira kungakhale kuwalakwira.

Masana ndinawerenga malangizo a USDA, unduna wa zaulimi wa kuno, okhudza nkhukundembo. Yowuma ndi ayezi imafuna tsiku lathunthu m'filiji pa makilogalamu awiri alionse kuti isungunuke bwino, ndipo kuisiya patebulo usiku wonse n'kuitana matenda otsekula m'mimba. Yathu ndi ya makilogalamu 7, moti nditanyamula m'sitolo manja anachita dzanzi ndi kuzizira. Ndiitsitsira m'filiji mawa. Ndagulanso kachipangizo koyezera kutentha, kobaya pantchafu osakhudza fupa, chifukwa nyamayo imakhala yapsa pokhapokha ikafika madigiri 74 Celsius.

Madzulo mlamu anaimba foni kufunsa ngati nsima idzakhalepo. Ndinawayankha kuti idzakhalepo, pamodzi ndi chigwada chotendera, ndipo iwo alonjeza kubweretsa msuzi wa zipatso za cranberry ndi payi ya dzungu.