Apolisi tiwakhulupirire mpaka pati? Zofunika kudziwa musanakwere kabaza wopita ku siteshoni

Mukafunsa anthu khumi pa depoti ya Mangochi ngati apolisi amatiteteza, mumva mayankho khumi, ndipo ambiri mwa iwo akhala akunena zoona zokhazokha, aliyense malinga ndi zomwe zinamuonekera. Yankho langa ndi lakuti apolisi ndi odalirika pamene ntchito yawo ikusiya chizindikiro papepala: nambala ya m'buku, dzina la wapolisi, tsiku ndi ola, lisiti. Pamene zinthu zikungothera pakamwa, kuseri kwa ofesi kapena pansi pa mtengo, pamenepo chenjerani, ngakhale wapolisiyo akhale wa nkhope yachifundo chotani.

Tiyambe tavomereza chimene apolisi sangakwanitse. Boma lathu la Mangochi ndi lalikulu. Kuchoka pa Boma kukafika ku Makanjira ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, pamsewu womwe dzinja likafika umasanduka nkhani ina. Kuli apolisi ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Makanjira ndi pa chipata cha Chiponde, koma midzi yambiri ya kwa Katuli, kwa Nankumba kapena m'mbali mwa Malombe ili kutali ndi onsewa. Mbava ikathyola khola 2 koloko usiku, woyamba kufika ndi mnansi wanu, kenako apolisi akumudzi, ndipo ayunifomu amadzafika kutacha. Nambala ya 997 ilipo, iimbeni, koma musungenso nambala ya wapampando wa apolisi akumudzi kwanuko ndi ya wapolisi mmodzi wa siteshoni yapafupi. Ntchito yaikulu ya polisi kwa munthu wakumudzi imayamba zinthu zitachitika kale, ndipo kuyenda kwake kumadalira kwambiri zimene inu mwabwera nazo.

Mukafika pa kauntala kukamang'ala, nkhani yanu iyenera kulembedwa m'buku la zochitika, lomwe iwo amalitchula kuti OB. Funsani nambala yake, muilembe pamodzi ndi tsiku, ola, dzina ndi udindo wa amene wakulandirani. Ambiri amachita manyazi kufunsa, kuopa kuoneka amwano. Si mwano. Popanda nambalayi, mukadzabweranso sabata yamawa n'kupeza wina pa kauntala, mudzayambiranso nkhani ngati simunabwerepo. Kenako mufunse kuti nkhaniyo apatsa ndani kuti afufuze. Fayilo yopanda mwini imagona mu kabati mpaka chiswe chiidye.

Pa sitetimenti mpamene milandu yambiri imafera isanabadwe. Kuno ambiri amafotokoza bwino m'Chiyao, wapolisi amamva m'Chichewa, ndipo nthawi zina amalemba m'Chingerezi. Pakati pa zinenero zitatuzi, "ndinamuona akutuluka m'nyumba" amatha kusanduka "ndinamva kuti anatuluka m'nyumba", ndipo ku khoti kusiyana kumeneku n'kokwanira kumasula munthu. Musasaine kapena kudinda chala asanakuwerengereni m'chinenero chimene mumamva. Siyanitsani zomwe munaona ndi maso anu ndi zomwe anakuuzani ena. Musawonjezere mtengo wa katundu kuti nkhani ioneke yaikulu: mukanena kuti munali K500,000 pomwe munali K200,000, tsiku lomwe bodzalo lidzaonekere ku khoti, zoona zanu zonse zidzagwera limodzi.

Akuluakulu amati mlandu suola. Umboni wokha ndiye umaola, mwachangunso. Pakhomo pomwe pathyoledwa musasese, musakonze loko, musalole khamu lipondeponde mapazi a pansi pa windo. Jambulani ndi foni kaye. Ndipo pali ntchito yoti muchite lero, kusanabedwe kanthu. Imbani *#06# pa foni yanu, mulembe manambala 15 ozindikiritsa foniyo, otchedwa IMEI, amene aonekewo m'kope losiyana ndi foniyo. A kabaza wa njinga yamoto alembe nambala ya chesisi ndi ya injini, asunge lisiti yogulira, chifukwa nambala ya kumbuyo ija akuba amaichotsa pasanathe mphindi zisanu, ndipo malire a Mozambique sali patali. Eni maboti achite chimodzimodzi ndi nambala ya injini, ndipo maukonde akhale ndi chizindikiro chawochawo pa zoyandamitsa. Ng'ombe ndi mbuzi zijambuleni mbali zonse ziwiri. Apolisi amagwira katundu wakuba wambiri ndithu, koma wina amangokhala pa siteshoni kuchita dzimbiri chifukwa mwiniwake akungoti "ndi yanga, ndikuidziwa", opanda chosonyeza.

Nkhani ya kumenyedwa kapena kugwiriridwa ili ndi wotchi yakeyake. Apolisi amapereka kalata yopita nayo kuchipatala, ndipo lipoti la dokotala ndilo msana wa mlandu. Koma ngati munthu wavulala kwambiri, yambirani kuchipatala, kalata idzatsatira. Wogwiriridwa asasambe kapena kuchapa zovala ngati n'kotheka; zovalazo zikulungidwe m'pepala, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi n'kuwononga umboni. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiko kwabwino. Pa siteshoni funsani ofesi ya Victim Support Unit, komwe nkhani zotere zimamvedwa pambali, osati pa kauntala pomwe aliyense akutchera khutu. Ngati ndi mwana, palinso nambala yaulere ya 116. Chimene chimapha milandu imeneyi kwathu kuno si apolisi okha ayi. Ndi achibale amene amakhala pansi kwa amfumu, n'kulandira mbuzi kapena ndalama kuti "zithere pachiweniweni". Kugona ndi mwana si mlandu wothera pabwalo la mfumu, ndipo wolakwayo akalipira mbuzi amaphunzira mtengo wake basi.

Tsopano za mafuta. Mudzamva kuti "galimoto ilipo koma ilibe mafuta". Nthawi zambiri zimakhala zoona, ndipo palibe lamulo lokukakamizani kulipira kuti dandaulo lanu lilandiridwe. Anthu amathandizabe chifukwa akufuna katundu wawo, ndipo sindingawaweruze. Ndingoti pali kusiyana pakati pa kulipira wa kabaza amene wanyamula wapolisi kupita naye pamalo, inu mukuona, ndi kupereka ndalama m'manja kuti "tiyambe kuyendetsa nkhani". Yachiwiriyi ilibe mapeto, ndipo wokuberaniyo akapereka yoposa yanu, nkhani imatembenuka.

Mbali inayo ndi pamene inu kapena m'bale wanu ndiye wagwidwa. Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino limanena momveka. Womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chomwe akumva. Ali ndi ufulu wokhala chete, woonana ndi loya, wochezeredwa ndi abale ndi dokotala. Ayenera kukaonekera ku khoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa tsiku lomwe khoti silikugwira ntchito, akaonekere tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Apa mpomwe pali msampha wa Lachisanu: wogwidwa Lachisanu madzulo amatha kugona m'chitolokosi mpaka Lolemba popanda lamulo kuphwanyidwa, ndipo mantha a masiku atatuwo ndi amene amatulutsa ndalama m'matumba a abale. Choncho lembani ola lenileni lomwe munthu anagwidwa, ndipo pemphani belo tsiku lomwelo, kwa mkulu wa siteshoni ngati wa pa kauntala akuzengereza.

Belo ya polisi ndi yaulere. Chimene amafuna ndi anthu odalirika oti amuimire, okhala ndi chiphaso cha unzika ndi malo odziwika, ndi lonjezo loti azidzaonekera pa masiku omwe auzidwa. Pa milandu ikuluikulu monga yakupha, apolisi alibe mphamvu yopereka belo, imeneyo ndi ya khoti lalikulu, ndiye amene akukuuzani kuti "tikonza" pa mlandu wotere akukudyerani. Belo ya ku khoti ndiyo imatha kukhala ndi ndalama, ndipo imalipiridwa ku ofesi ya khoti, lisiti n'kuperekedwa. Katundu amene womangidwa walandidwa polowa, foni, lamba, ndalama, alembedwe m'buku iye akuona.

Chenjezo lalikulu lili pa sitetimenti ya woganiziridwa. Ambiri amasaina chilichonse kuti angotuluka, poganiza kuti akakana ku khoti. Lamulo lathu la kazengedwe ka milandu limalola khoti kumva chivomerezo chotere ngakhale mwiniwake akunena kuti anakakamizidwa, kenako khotilo n'kuona ngati zili m'menemo n'zoona. Ndiye kuti pepala losainidwa usiku m'chitolokosi limakutsatani. Ngati munthu wamenyedwa ali m'manja mwa apolisi, anene pamaso pa majisitireti tsiku loyamba lomwelo, mabala akadali kuoneka, ndipo apemphe kuti zilembedwe komanso kuti apite kuchipatala. Amene alibe ndalama ya loya afunse a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu otere pa milandu, kapena alangizi a zamalamulo (ma paralegal) a bungwe la PASI amene amayendera zitolokosi ndi ndende.

Zina ziwiri mwachidule. Ngongole si mlandu wa polisi: amene anatenga usipa pangongole n'kulephera kubweza, nkhani yake ndi ya ku khoti la majisitireti, ndipo kutsekera munthu kuti abale asonkhe ndi kugwiritsa ntchito chitolokosi molakwika. Komanso palibe lamulo lololeza kugwira mkazi kapena mayi wa munthu kuti wothawayo adzipereke.

Anthu amene sakhulupirira apolisi sakulota. Pa zionetsero za pa 20 July 2011 anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri ndi zipolopolo za apolisi. Mu February 2019 Buleya Lule, amene ankaganiziridwa pa nkhani yosowetsa mnyamata wachialubino wa ku Dedza, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti anazunzidwa. Mu October chaka chomwecho, wapolisi ataphedwa ndi khamu kwa Msundwe, amayi ndi atsikana a kumeneko anagwiriridwa ndi apolisi obwezera, ndipo mu 2020 khoti lalikulu linalamula kuti amayi 18 apepesedwe ndi ndalama. Onani bwino mmene nkhanizi zinafikira poyera: panali lipoti la chipatala, panali mboni zomwe sizinabwerere m'mbuyo, panali anthu amene analemba masiku ndi maina. N'chimodzimodzi ndi Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo wa ku Blantyre amene anagwidwa m'bandakucha akupita ku malonda ake. Sanalipire kuti zithe, anapita ku khoti, ndipo mu January 2017 khoti linathetsa ndime ya lamulo la vakabu yomwe apolisi ankagwirira munthu chifukwa chongopezeka panjira pa nthawi yomwe iwo akuikayikira. Msodzi wopita kudoko 3 koloko m'mawa adziwe zimenezi.

Wapolisi akakulakwirani, pali makomo angapo. Loyamba ndi mkulu wa siteshoni. Lachiwiri ndi Independent Complaints Commission, bungwe lomwe lamulo la polisi la 2010 linakhazikitsa ngakhale linatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyambe ntchito. Limafufuza madandaulo okhudza apolisi, makamaka imfa ndi kuvulala kwa anthu ali m'manja mwawo. Za ziphuphu n'za Anti-Corruption Bureau. Konseku adzakufunsani zofanana: linali liti, nthawi yanji, kuti, dzina kapena nambala ya wapolisi, nambala ya galimoto, ndani anaona. Dandaulo loti "apolisi a pa rodibuloko anandidyera ndalama mwezi watha" silipita patali. Pamsewu lamulo ndi lomwelo: chindapusa chenicheni chimabwera ndi lisiti ya boma, ija amati GR, yolembedwa mlandu ndi ndalama yomwe mwaperekadi. Ya "fanta" ija imaoneka yotchipa, koma ndi yomwe imalola minibasi yamatayala osalala ipitirire ndi anthu kutsika mapiri a ku Namwera.

Pali chinthu china chimene chimawaipitsa apolisi pomwe sanalakwe. Wakuba wagwidwa Lachiwiri, Lachinayi akuoneka pa msika, anthu n'kumati wagula apolisi. Mwina wagula, koma nthawi zambiri ali pa belo, ndipo mlandu ukadalipo. Umadzathera pomwe wodandaula ndi mboni zake alephera kubwera ku khoti kawiri katatu, kaya chifukwa cha thiransipoti, kaya katundu wabwezedwa ndiye aona ngati zatha. Wozenga mlandu wa polisi sangapambane wopanda mboni, majisitireti amauchotsa, ndipo mudzi umaphunzira phunziro lolakwika loti wakuba wotsatira angomuthira petulo. Kuchita zimenezo ndi mlandu wakupha, ndipo makanema a pa foni omwe anthu amajambula mokondwera ndi omwewo amadzakhala umboni. Ngati ndinu wodandaula, tengani nambala ya foni ya wozenga mlanduyo, mufunse tsiku la khoti nokha osadikira samani, ndipo ngati simutha kubwera mumuuze kusanafike tsikulo kuti apemphe lina. Katundu wanu akasungidwa ngati umboni, monga njinga yamoto yomwe mumadyera, mutha kupempha kudzera kwa wozenga mlanduyo kuti khoti liione msanga n'kukubwezerani, m'malo moti ikhale padzuwa pa siteshoni mpaka chigamulo.