Kabokosi kopulumutsa magetsi ndi mbuzi ya chinkhoswe

Mayi a kunyumba atapita ku Ntcheu kukadwazika amayi awo, ndinatsala ndekha m'nyumba yathu ya ku Area 25, ndipo ndinaona kuti mpata wapezeka woti ndisonyeze kuti nanenso ndimadziwa kusamala ndalama. Mayunitsi anali atatisautsa, chifukwa ndikangolowetsa manambala 20 a tokeni, sipankapita masiku ambiri mita isanayambe kulira ngati mwana wanjala.

Pamsewu wa Malangalanga mnyamata wina wodziwa kutsatsa malonda anandionetsa kabokosi koyera ka mano atatu ngati pulagi wamba, nanena kuti kamawongola mphamvu ya magetsi ndi kudula theka la mayunitsi. "Bwana, mukangokasomeka pa soketi ya pafupi ndi mita, nyali yobiriwira ikayaka ndiye kuti kayamba ntchito," anatero. Ndinanenerera mpaka K15,000 ndipo ndinachokapo ndikudziona wochenjera.

Soketi ya pafupi ndi mita ili m'kachipinda kosungiramo katundu, mmene ine sindilowamo kawirikawiri. Ndinapezapo pulagi yakuda imene ndinaiyesa ya ayironi yakale, choncho ndinaizula n'kusomekapo kabokosi kanga. Nyali yobiriwira inayaka, ndipo ndinaiyang'anitsitsa kwa kanthawi monga mlimi ayang'anira chimanga chongomera kumene.

Zinathekadi! M'mawa uliwonse ndinkalemba m'kope zimene mita ikusonyeza, ndipo mayunitsi ankatsika pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Sindinalingalire n'komwe kuti m'nyumba munalibenso wophika kapena wosita. Ndinachitira umboni kwa anansi, kuntchito ngakhalenso panja pa tchalitchi, mpaka abambo awiri anandipatsa ndalama kuti ndikawagulire awo.

Patatha sabata munayamba kumveka kafungo, ndipo ndinaweruza kuti khoswe wafera kudenga. Pofika tsiku lakhumi, limene mayi anabwerera, ntchentche zobiriwira zinali zitadzaza pawindo.

"Bambo a Chisomo, mwapha chiyani muno?" anafunsa asanatule n'chikwama chomwe.

Sanayang'ane kudenga. Analunjika m'kachipinda kaja, natola pulagi yakuda pansi, nalondola waya wake mpaka pansi pa mikeka ndi zitenje, pamene panali firiji yathu youmitsa nyama. Mkatimo munali mbuzi yathunthu ndi nkhuku khumi za chinkhoswe cha mng'ono wawo. Zimene tinaona atatsekula sindizilemba, poopa kuti ena akuwerenga akudya.

Madzulo ake kunabwera mphwanga amene amaphunzira zamagetsi ku Lilongwe Technical College, ndipo atamasula kabokosiko anatiitana kuti tione. Munali capacitor imodzi (kachipangizo kosunga magetsi pang'ono kwa kanthawi kochepa), kafyuzi ndi kanyali kaja basi. Anati mita ya panyumba imawerenga ma kilowatt-hour, ndiko kuti mphamvu imene zipangizo zagwiritsadi ntchito, ndipo capacitor singachepetse chiwerengero chimenecho, pamene kanyaliko kamadyako kake pang'ono usana ndi usiku. Ndinadziteteza kuti ndinamvapo za makina otsitsa mavoti (volts) a magetsi. Iye anavomera kuti alipo enieni, okhala ndi thiransifoma, amene katswiri amalumikiza pa bokosi lalikulu la magetsi kumalo kumene mphamvu imafika yoposa mavoti 230 amene zipangizo zathu zimafuna. "Koma amalume," anapitiriza mwaulemu umene unandipweteka kuposa chipongwe, "madzi a m'ketulo amafuna kutentha komweko kuti awire, ndiye mukatsitsa mavoti amangochedwa kuwira, mayunitsi n'kukhala omwewo. Mababu a LED ndi matchaja a foni amakoka mphamvu imene akufuna, mavoti akwere kapena atsike. Amene angadye mochepa ndi mababu akale aja, ndipo nawonso amayaka mwachizimezime."

Mayi anatenga kope langa la umboni, nawerengetsa mofatsa mayunitsi onse amene ndinapulumutsa pozimitsa firiji, ndipo anapeza kuti sangagule ngakhale mwendo umodzi wa mbuzi ija.

Loweruka ndinalawirira kukasaka mbuzi ina ndi nkhuku khumi pa ngongole. Pobwerako ndinapeza abambo awiri aja ali pakhonde kudikira mabokosi awo, mayi akuwapatsa mipando ndi kuwafunsa mwachifundo ngati kwawo ali ndi firiji.