Zikomo nonse amene munagwirapo dashibodi ya Chevrolet ya malemu bambo

Abale ndi anzanga, dashibodi ya pikiapu ya malemu bambo yabwerera m'malo mwake ndipo ikung'anima. Ntchitoyi sindinagwire ndekha, n'chifukwa chake ndati ndithokoze poyera.

Kwa amene simuidziwa, galimotoyi ndi Chevrolet 3100 ya 1951, ya masilinda 6. Bambo anaigula itatha kale ku esiteti ina ku Thyolo, ndipo inanyamula chimanga, njerwa, odwala ndi maliro ambiri kwathu. Iwo atatisiya, inangokhala pansi pa mtengo wa mango, mvula ikulowera pa labala wa galasi lakutsogolo n'kumadikha pa dashibodi. Mphete za mawotchi awiri aja, ya liwiro yolekezera pa mamailosi 80 ndi inzake yoonetsa petulo, oyilo, kutentha ndi batire, zinachita timaenje ta dzimbiri ngati zadwala nthomba. Ambiri ankati ndingopopera penti yasiliva, nkhani ithe. Mtima wanga unakana. 1951 ndi chaka chomaliza chimene magalimoto amenewa anatuluka ndi dashibodi yonyezimira. Mu 1952, nkhondo ya ku Korea ili mkati ndipo zitsulo zikusowa, Chevrolet inayamba kungopaka penti. Kupaka penti kukanafufuta chinthu chimene chimasiyanitsa galimoto ya bambo ndi za chaka chotsatira.

Poyamba ndithokoze amalume anga, makaniko opuma a ku Ndirande. Amalume, inu ndi amene munamasula chilichonse popanda kuthyola ngakhale kabawuti kamodzi. Munkathira mafuta pa zomangira zogwidwa ndi dzimbiri, n'kuzisiya zigone, mawa lake n'kuzipotokola pang'onopang'ono. Waya aliyense munamumata kapepala kolembapo kumene akupita. Munandiletsanso kukhudza chrome, chitsulo chonyezimira chokutira pamwamba chija, ndi sandipepa. Pamene dzimbiri linali lapamwamba chabe munandionetsa kupukuta ndi kapepala ka aluminiyamu konyowetsa, ndipo zidutswa zina zinayera pomwepo. Zimene dzimbiri linaboola munanena mosapsatira kuti kupukuta sikungazithandize, zikakutidwenso basi.

Apa m'pamene analowerapo alamu anga okhala ku Johannesburg. Alamu, munakulunga timphete tija m'chitenje, n'kutifungatira pamiyendo m'basi kuchoka ku Mwanza, kudutsa Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, osalola kuti tipite m'katundu wapansi. Mutafika ku Joni munataya masiku anu opuma kufunafuna malo okutira chrome, amene ndi osowa poti mankhwala ake ndi poizoni woopsa, oyambitsa khansa. Ndinene pano kwa achinyamata amene mwakhala mukundifunsa: ntchito imeneyi si yoyeserera kuseri kwa nyumba.

Kwa bambo amene anagwira ntchitoyo kumeneko, sitinaonanepo, koma alamu akuwerengerani mawu awa. Mavidiyo amene munkatumiza pa WhatsApp anandiphunzitsa zambiri. Ndinaona mukuchotsa chrome chakale chonse mpaka chitsulo kukhala pamtunda, kenako n'kukutira mkuwa. Kaenje kalikonse munakatsekera ndi mtovu wowotcherera, n'kusalaza, n'kubwezeranso mumkuwa, n'kusalazanso pa makina. Pambuyo pake panabwera nickel, amene ndiye mwini kuwalako, ndipo chrome chenichenicho chinabwera komalizira, chopyapyala osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Sichibisa kanthu chimenechi. Kakanda kotsalira pansi kamaonekera pamwamba. Mphete imodzi munaibwereza mwa kufuna kwanu, mutaona kachilema kamene ine pachithunzi sindinakaone n'komwe, ndipo simunawonjezere mtengo. Mulungu akudalitseni pamodzi ndi banja lanu.

Sindingaiwale mphwanga wolemba zikwangwani ku Limbe. Iwe, timizere takuda ta pachitseko cha kabokosi ka pa dashibodi ndi potulukira mawu a wailesi unatijambula ndi dzanja, kaburashi kako kali ndi tiubweya towerengeka, penti yosefukira ukuipukuta ndi kansalu kokulunga kuchala isanaume. Ndalama unakana, unati agogo anakunyamulapo pa galimoto imeneyi kupita nawe kuchipatala uli khanda.

Mayi a kunyumba, ndalama yokutira chrome inachokera m'gawo lanu la banki m'khonde, chaka chimene zinthu zinali zothina kale pakhomo. Simunandiwerengere ngakhale tsiku limodzi. Zikomo, mayi.

Tatsala ndi mawaya, poti galimotoyi ndi ya mavoti 6 ndipo amalume akuti tisaisinthe. Kabatani ka chrome koyatsira mawaipa kakusowabe. Amene ali nako kapena akudziwa kumene kuli Chevrolet yakufa ya zaka za 1947 mpaka 1951 andiuze. Loweruka likubwerali masana tidzakhala tili kwa amalume, ndipo nonse amene ndakutchulani muli pafupi mubwere, nsima idzakhalapo.