Kuwoloka pa Songwe ndi mankhwala a amayi

Amayi anga amadwala shuga ndi BP. Achimwene atatiitana kuti tikawaone ku Dar es Salaam, nkhawa yanga yonse inali pa mankhwala awo.

Amene timalandira mankhwala kuchipatala cha boma tikudziwa mmene amatipatsira. Mapilitsi amawawerengera m'kapulasitiki kakang'ono, n'kulembapo ndi bolopeni kuti "1x2", dzina lake mofupikitsa, basi. Kuno palibe angadabwe nazo. Koma wa kasitomu wa dziko lina akaona timapilitsi toyera topanda bokosi, adziwa bwanji kuti ndi ta shuga? Ndiye ndinapita kwa dokotala wa amayi kukapempha kalata. Analembamo dzina lawo monga lilili m'pasipoti, matenda awo, mayina enieni a mankhwala, metformin, amlodipine ndi insulin, kamwedwe kake, n'kudindapo chidindo. Buku lawo la kuchipatala, lija linachita kuda ndi kugwiridwa, ndinalitenganso.

Tinanyamuka pa depoti ya Mzuzu m'mamawa, chifunga chili thoo, amayi atafunda zitenje ziwiri pamwamba pa juzi. Titangotsetsereka mapiri a Chiweta, nyanja ikuoneka kumunsi, aliyense anayamba kuvula. Ku Karonga ndiye kunali ng'anjo. Insulin safuna kutentha, komanso akaundana ndiye kuti watha ntchito. Ndinamuika m'kachikwama kosunga zozizira pamodzi ndi botolo la madzi oundana lokulunga m'kansalu kuti asagundane nalo, ndipo kachikwamako sikanachoke pamiyendo panga. Kondakitala anafuna kukaponya kumbuyo limodzi ndi matumba a mpunga, ndinakana ndithu. Katundu wa kumbuyo amapsa ndi dzuwa, mwinanso amatsika ndi munthu wina.

Pa Songwe tinadinditsa mapasipoti n'kuwoloka mlatho wapansi, anyamata osintha ndalama akutilondola mbali zonse. Tsidya linalo, ku Kasumulu, mayi wina wa kasitomu anatsegula kachikwama kaja. Ataona majakisoni anakweza maso. Amayi anandikodola n'kunena chapansipansi kuti, "Mwanangu, auze kuti ine ndine wodwala, si wogulitsa ayi."

Sindinachite kulongosola zambiri. Ndinangopereka kalata ndi buku. Anayang'ana dzina la pa kalata, nayang'ana la m'pasipoti. Kenako ananyamula kapulasitiki kamodzi, kukaunika padzuwa, n'kufunsa kuti tikakhala nthawi yaitali bwanji. Funso limenelo lili ndi chifukwa chake. Mankhwala okwanira munthu mmodzi pa ulendo wake, ndi otsala pang'ono poopa kuchedwa, ndi katundu wa wodwala. Akachuluka mopitirira, kapena dzina la pa kalata likakhala la munthu amene sali pomwepo, amayamba kuoneka ngati malonda. N'chifukwa chake ine ndimadabwa ndi azimayi a geni opita ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam amene amavomera kunyamulira anzawo timaphukusi ta mankhwala osadziwa n'komwe dzina lake. Mayi wa kasitomu uja anatibwezera zinthu zathu natiuza kuti tiyende bwino.

Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, choncho wotchi ya pafoni inasintha yokha. Amayi anakana kusuntha nthawi ya jakisoni tsiku limenelo, anati mimba yawo ikuyendera nthawi ya ku Mzuzu. Tinadutsa Tukuyu pakati pa minda ya tiyi ndi nthochi, n'kukagona ku Mbeya, komwe a pamalo ogona anatilola kuika insulin m'firiji yawo.

Mankhwala a amayi ndi wamba, n'chifukwa chake kalata inakwanira. Tramadol, codeine ndi diazepam ndi nkhani ina, mayiko ambiri amawaika m'gulu la mankhwala otetezedwa mwapadera. Inu amene mumapitirira mpaka ku Dubai kukaoda katundu, kumeneko mankhwala oterowo amafuna chilolezo cha boma lawo, chimene mumapempha pa intaneti musanakwere ndege.